Waya wa khola la nkhuku wa mabowo aang'ono: anapiye apulumuka, koma dzimbiri silinachedwe

Waya ndikunenayu ndi wa mpukutu wa mamita 30, msinkhu wake mita 1.2, mabowo ake a mamilimita 13, omwe ogulitsa m'mashopu a hadiweya amangoti hafu inchi. Ndinagula pa Kasungu boma mvula isanayambe, ndipo wadutsa dzinja lonse mpaka kukolola ali pakhola. Ndikumupatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Ndinamugulira anapiye. Kuno kufupi ndi paki ya nyama zakutchire ya Kasungu, thadzi likaswa, mwezi sumatha anapiye onse alipo. Kumwamba kuli kabawi ndi khwangwala, pansi kuli likongwe ndi vumbwe. Pa ntchito imeneyi wayayu wandikhutiritsa. Likongwe ndi wowonda, amalowa paliponse pamene mutu wake wakwana, ndiye waya wa mabowo a mamilimita 50 uja, ngakhale ndi wotchipa, kwa iye ndi khomo lotsegula. Pa wa 13 amangozungulira. M'mawa wina ndinapeza mapazi ake pamatope m'mbali monse mwa khola, pakona atayesa kukumba n'kusiya. Anapiye nawonso satha kutulutsa mitu pamabowo, choncho khwangwala alibe pogwira. Kumwamba muyenera kuphimbako ndithu, apo ayi kabawi amangotera mkati masana dzuwa likuswa mtengo.

Phindu lina ndinaliona nthawi yodzala. Mu Disembala chimanga chikangomera, nkhuku zoyendayenda zimafukula mbewu m'minda ya pafupi ndi nyumba, ndipo milandu ya kwa amfumu imayambira pomwepo. Chaka chino zanga zinali mkati, zikudya madeya, masamba a bonongwe ndi chiswe chomwe ana amakazitolera. Dziwani kuti nkhuku yotsekeredwa imadya kuchokera m'thumba mwanu. Madeya muyenera kusungiratu nthawi ya masika akadali otchipa, chifukwa pofika Januwale pachigayo amakhala akulimbirana anthu ndi nkhumba zomwe.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha dzimbiri. Papepala la mpukutu analemba kuti ndi wokutidwa bwino kuti asachite dzimbiri, koma pofika Febuluwale mzere wa pansi, womwe umakhudza dothi lonyowa ndi zitosi, unali utafiira. Pena ukakanikiza ndi chala ulusi wake umaduka. Kumtunda akadali mbee ngati watsopano. Wayayu ndi wopyapyalanso kuposa momwe amaonekera ali chikulungire. Mbuzi ikamadzikanda pamenepo amafutukuka n'kupanga mimba, ndipo sabwereranso.

Kamangidwe kake kali ndi mbali yaikulu. Ine ndinakumba ngalande yakuya masentimita 30, n'kukwirira wayayo atapindikira kunja, pamwamba n'kuyala zidutswa za njerwa. N'chifukwa chake likongwe anagonja pakona paja. Kukwirirako ndi kumene kumafulumizitsa dzimbiri, koma popanda kutero khola ndi lachabe, ndiye pansipo ndibwino kupakapo oyilo wakutha wa galimoto, yemweyo amene timapaka mitengo ya bulugamu kuopa chiswe. Mitengo isatalikirane kupitirira mamita awiri. Pokoka muzikhala awiri, ndipo valani magolovesi, chifukwa nsonga zake zimacheka zala koopsa.

Pali zomwe wayayu sangachite, ngakhale wogulitsa atalumbira bwanji. Fisi samuletsa. Galu wanjala akalimbikira amang'amba. Usiku nkhuku zanga zimagonabe m'khola la njerwa lokhala ndi chitseko cha thabwa, wayayu ndi wa bwalo lawo la masana basi. Za njovu ndiye tisanene n'komwe. Chibwerereni zija 263 zomwe anazisamutsira kuno kuchokera ku Liwonde mu 2022, nkhani ya mpanda kuno ndi ina, si ya waya wa nkhuku. Chitopa nachonso sichiona waya. Kutsekera kumachepetsa kusakanikirana ndi nkhuku za eni, koma katemera wa I-2 wodonthezera m'diso ndimaperekabe miyezi inayi iliyonse, makamaka kutentha kwa Okutobala kusanafike. Komanso nkhuku zikakhala malo amodzi utitiri umachuluka, ndiye pakona ndimathirapo phulusa louma kuti zizisambamo.

Kwa amene muli ndi anapiye kapena nkhanga zazing'ono, gulani wa mabowo a 13 ameneyu, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Ndalama zikachepa, muikeni pansi mpaka m'chiuno, kumtunda mumalize ndi wa mabowo aakulu. Musanalipire, auzeni amasule mpukutuwo pang'ono muone ngati mkati mulibe dzimbiri kale, chifukwa ina imakhala itagonera pakhonde la shopu mvula yonse. Ine mzere wa pansiwo ndiusintha mu Seputembala, dothi likadali louma.