Zilembo Zooneka Pawiri pa Ndalama Zachitsulo: Chidindo Cholakwika ndi Kugwedezeka kwa Makina

M'nyumba zambiri kuno ku Zomba, makamaka za anthu amene anagwira ntchito m'boma mzinda uno udakali likulu la dziko chisanafike chaka cha 1975, muli zitini zosungiramo ndalama zakale: masheleni a 1964 okhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda, ndiponso matambala a 1971. Munthu akaona kuti zilembo za pa ndalama ina zikuoneka pawiri, amafulumira kuganiza kuti watola chuma. Koma pali zinthu ziwiri zikuluzikulu zosiyana zimene zimachititsa zimenezi, ndipo chimodzi chokha ndicho chili ndi mtengo kwa osonkhanitsa ndalama.

Choyamba ndi chidindo cholakwika, chimene akatswiri amachitcha doubled die. Ndalama imadindidwa ndi zidindo ziwiri zachitsulo, china kumaso china kumbuyo, ndipo chidindocho nachonso chimalandira chithunzi chake kuchokera ku chitsulo china cholimba chotchedwa hub. Kale ankakanikiza chitsulochi pa chidindo kangapo kuti chithunzi chilowe bwino, ndipo chikasuntha pang'ono pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri, chithunzicho chinkalowa pawiri. Popeza cholakwikacho chili m'chidindo mwenimwenimo, ndalama iliyonse imene chadinda imatuluka ndi chilema chofanana ndendende, pamalo omwewo. Chitsanzo chotchuka ndi senti ya ku America ya 1955 yokhala ndi nkhope ya Lincoln, yodindidwa ku Philadelphia, imene chaka chake ndi mawu akuti LIBERTY amaoneka pawiri ngakhale popanda galasi.

Chachiwiri ndi kugwedezeka kwa makina, kapena kuti machine doubling. Apa chidindo chilibe vuto lililonse, koma sichinamangidwe molimba, motero chikangodinda chimanjanja kapena kutsetsereka n'kukankha m'mphepete mwa zilembo zimene changopanga kumene. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo ogula ndalama zosowa sawonjezerapo kanthu kwenikweni pa mtengo.

Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna galasi lokuza zinthu kakhumi ndi kuwala kochokera m'mbali, monga kwa dzuwa la m'mawa pawindo. Pa chidindo cholakwika, chilembo chachiwiri chimakhala chotukuka ndi chobulungira ngati chinzake, msinkhu wake ndi wofanana, ndipo kumapeto kwa zilembo kumaoneka timphanda, ngati kuti nsonga yang'ambika pawiri. Chilembo chonse chimaoneka chonenepa kuposa mmene chimakhalira pa ndalama yabwinobwino. Pa kugwedezeka kwa makina, mbali yachiwiri imakhala yaphwatalala ndi yotsika ngati khonde la nyumba, nthawi zina yonyezimira chifukwa chitsulo chinapalidwa, ndipo chilembo chenichenicho chimachepa, pakuti khondelo ladulidwa kuchokera pa thupi lake lomwe. Ine ndimadalira kwambiri mfundo ya kunenepa ndi kuchepayi, chifukwa timphanda timafufutika msanga pa ndalama imene yayenda zaka zambiri m'manja mwa anthu mumsika wa Zomba, pamene kukula kwa chilembo mukhoza kukuyerekeza ndi ndalama ina ya chaka chomwecho mutaziika pambali ndi pambali. Mukapezanso ndalama ziwiri za chaka chimodzi zokhala ndi chilema chofanana m'zonse, umenewo ndi umboni wolozera ku chidindo.

Palinso kuoneka pawiri kobwera chifukwa cha chidindo chimene chagwira ntchito mpaka kutha. Zilembo zake zimakhala zofufuma ndi zosalongosoka, ndipo nazonso zilibe mtengo wapadera.

Kuyerekeza kotereku kumafunikanso pa ndalama yoperewera m'mphepete. Ndalama zimadulidwa kuchokera ku chitsulo chachitali chaphanthiphanthi, ndipo chodulira chikagwera pamalo amene padulidwa kale, ndalamayo imatuluka ngati yolumidwa. Chilema chenicheni cha ku fakitale chimadziwika chifukwa zilembo ndi mkombero zimazilala pang'onopang'ono poyandikira podukapo, ndiponso kawirikawiri mkombero wa tsidya lina, moyang'anizana ndi podukapo, umakhala wofooka. Ndalama imene munthu anaidula ndi sowo kapena kuipala ndi tupa imakhala ndi m'mphepete mwakuthwa, ndipo zilembo zake zimathera mwadzidzidzi zili zolimba.

Kunena zoona, zambiri zimene ndaonetsedwa kuno sizinali zolakwika za ku fakitale konse, koma zovulala pambuyo pake: zopondedwa ndi galimoto, zodyedwa ndi dzimbiri m'nthaka yonyowa ya m'munsi mwa phiri, kapena zokwechedwa ndi phulusa kuti ziwale, chimene chimachotsa zizindikiro zomwe zikanatithandiza kuweruza. Ndalama za K5 ndi K10 za 2006, zija za zitsulo zamitundu iwiri, zimasokoneza anthu kwambiri, chifukwa chapakati chake chikhoza kugulutsidwa ndi hamala n'kubwezeretsedwa mopendekeka. Mukaipeza yotere, yang'anani ngati pali mikwingwirima kapena kupindika pamene zitsulo ziwirizo zakumana, kenaka onani ngati chithunzi chapakati chikuyang'ana kumene chimayang'ana pa ndalama ina ya chaka chomwecho.