RAM ya DDR4-3600 patatha miyezi 10 kuno ku Mangochi

Kompyuta yomwe ndimakonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe ndinaimanga mu Juni chaka chatha. Purosesa yake ndi Ryzen 5 5600, ndipo RAM (momwe kompyuta imasungamo kwakanthawi zomwe ikugwira) ndinasankha zidutswa ziwiri za 16GB chilichonse, DDR4-3600 CL16, za mu paketi imodzi. Msuweni wanga ndiye anabwera nazo kuchokera ku Johannesburg. Tsopano tili mu Epulo, ndipo anzanga omwe ankafunsa ngati ndalamayo inapita pabwino ndingathe kuwayankha, chifukwa RAM imeneyi yalawa nyengo zonse za kuno.

Chifukwa chosankhira liwiro la 3600 chinali chimodzi. Mu Ryzen za mtundu umenewu muli njira yolumikiza zigawo za purosesa yotchedwa Infinity Fabric, ndipo RAM ikakhala pa 3600, njirayo imayenda pa 1800MHz, zonse phazi limodzi. Nambala ya CL, yomwe imaonetsa kuchedwa kwa RAM poyankha, nayo musaidumphe pogula. 3200 CL16 ndi 3600 CL18 zimachedwa mofanana, 10ns (mananosekondi), pomwe 3600 CL16 imatsikira pansi pang'ono pa 9ns. Wogulitsa akakuuzani nambala yaikuluyo yokha, funsaninso inayo.

Tsiku loyamba RAM inadzuka pa 2133, mpaka nditayatsa XMP (liwiro lomwe wopanga RAM anakonzeratu) mu BIOS (posinthira zokonda za motherboard) m'pamene inafika pa 3600 ndi mphamvu ya 1.35V. Ndikadalekera pomwepo. Koma Juni ndi mwezi wa mwera, m'nyumba munkazizira bwino, ndipo mtima unandiuza kuti ndiikankhe. Ndinaikweza kufika pa 3800, Infinity Fabric pa 1900, mphamvu 1.45V, kenako ndinafupikitsa nthawi ina ya RAM yotchedwa tRFC. Pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86 inayenda usiku wonse osapeza cholakwika. Miyezi itatu yotsatira ntchito inkangoyenda myaa.

Mavuto anadza ndi Okutobala. Amene anakhalapo ku Mangochi mwezi umenewu akudziwa mmene nyumba ya malata imakhalira dzuwa likafika paliwombo: ngakhale mphepo yochokera ku Shire imabwera yotentha. Pulogalamu yokonzera mavidiyo inayamba kutseka yokha masana, koma usiku ayi. Ndinakayikira Windows, ndinakayikira SSD, RAM osaiganizira n'komwe poti inali itapambana mayeso. Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi vidiyo ya ukwati wina womwe ndinajambula m'mbali mwa nyanja cha ku Makawa. Inatuluka ngati yabwino, koma pakati penipeni, pomwe akwati ankavekana mphete, chithunzi chinali chothyokathyoka. Mayi a mkwatibwi ndi omwe anaona ine ndisanaone. Anangoti, "Achimwene, pamenepa ndiye pofunikapo." Ndinaikonzanso usiku womwewo, koma manyazi ake sindinawaiwale.

Nditayendetsa MemTest86 masana, zolakwika zinatuluka ola lisanathe, ndipo pulogalamu ya HWiNFO inkaonetsa zidutswazo zitadutsa 50°C. Apa m'pamene ndinamvetsa. RAM imasunga uthenga ngati mphamvu yamagetsi m'tizipinda ting'onoting'ono tomwe timadontha ngati ndowa yobooka, choncho timafunika kudzazidwanso pafupipafupi. Kukatentha, kudonthako kumafulumira. tRFC ndi nthawi yomwe RAM imapatsidwa kuti idzadzenso, ndipo ine ndinali nditaifupikitsa, kwinaku mphamvu yomwe ndinaonjezera ikutenthetsanso zidutswazo. Zomwe zinakwanira mu Juni sizikanakwanira mu Okutobala. RAM sinalakwe kanthu, chifukwa wopanga analonjeza 3600, osati 3800.

Ndinabwerera ku XMP, n'kumangirira fani ya 120mm kuti izipemerera zidutswazo, ndipo fumbi ndimapukuta mwezi uliwonse chifukwa msewu wathu ndi wadothi. Kuyambira Novembala mpaka lero, kudutsa chinyontho chonse cha dzinja, kompyuta sinagwepo. Nanga liwiro lomwe ndinataya? Vidiyo yaitali imachedwa kutuluka pang'ono pokha, moti ndikapanda kuyang'ana wotchi sindizindikira. Chomwe ndimachimva tsiku lililonse ndi kukula kwake, 32GB, makamaka ndikamagwira mavidiyo a 4K ochokera ku makamera awiri.

Za magetsi ndingonena mwachidule. Akathima mwadzidzidzi, nthawi zina BIOS inkaiwala zonse n'kubweza RAM pa 2133 mwakachetechete. Ndinasunga zokonda zanga ngati profile mu BIOS, ndipo pambuyo pake ndinagula UPS yaing'ono (batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima). Ndimayang'anabe liwiro mu Task Manager magetsi akangobwera.

Mnzanga wina wa ku Monkey Bay anaonjezera zidutswa ziwiri za paketi ina pa ziwiri zomwe anali nazo, nambala zake zofanana pa chikuto, koma makina anakana kudzuka pa 3600. Tinthu ta mkati timatha kusiyana ngakhale dzina lili limodzi, komanso zidutswa zinayi zimalemetsa purosesa kuposa ziwiri. N'chifukwa chake ndimati gulani kukula komwe mukufuna kamodzi, zidutswa ziwiri, muziike m'mipata ya A2 ndi B2 monga mabuku a motherboard ambiri amanenera.

Ndikanati ndigulenso lero, ndikanatenga yomweyi, koma ya zitsulo zoziziritsa zazifupi, chifukwa zanga zimatsala pang'ono kukhudza choziziritsa cha purosesa. Ndipo Okutobala ikubwerayi ndidzayendetsanso MemTest86, osati usiku, koma masana dzuwa lili phwee.