Zaka ziwiri ndi theka pa sukulu ya "zinenero ziwiri" ku Lusaka

Kalata ya fizi ya teremu ino inafika Lolemba, ndipo usiku womwewo alamu anga anaimba kuchokera ku Lilongwe. Amuna awo apeza ntchito kuno, ndiye anafunsa kuti, "Alamu, anawa ndidzawaike komwe kuli anuko?" Ndinawapempha kuti andidikire mtima ukhale kaye pansi, chifukwa tsiku limenelo ndikanangoti ayi.

Ife tinafika mu Ogasiti 2022 ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 11 ndi mnyamata wa zaka 6. Kwathu chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, pomwe kuno sukulu za boma zimayamba mu Januwale, choncho anawo akanakhala pakhomo miyezi inayi kapena kulowa chaka chili kumapeto. N'chifukwa chake tinayang'ana ku sukulu zotsata maphunziro akunja. Ukangofika, aliyense amakutchulira American International School ya ku Leopards Hill Road, International School of Lusaka, Baobab College ya ku Kafue Road ndi sukulu ya Afalansa. Ife thumba silinalole. Tinatenga ina yocheperako, yosakhala mwa zimenezi, yophunzitsa silabasi ya Cambridge, imene inadzitcha ya zinenero ziwiri, Chingerezi ndi Chifalansa. Dzina lake sinditchula.

Zabwino zilipo ndithu. Ana m'kalasi ndi ochepa, basi imafika pa nthawi yake, masamu ndi sayansi mtsikana wanga wakwera nazo kwambiri. Kolera itachedwetsa kutsegulira sukulu kumayambiriro kwa 2024, aphunzitsi ankatumiza ntchito pa intaneti tsiku lililonse. Madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba chaka chomwecho, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, sola yawo sinatikhumudwitse.

Chimene chandidya mtima ndi Chifalansa. Tsiku loyamba ahedi anatiyendetsa m'makalasi, natiuza kuti ana aang'ono aziphunzira maphunziro ena m'Chifalansa chenicheni, kuti pofika zaka zitatu mwana azilankhula. Ine ndinakopeka pamenepo, poganiza kuti ntchito ya bambo awo ikhoza kudzatipititsa ku Kinshasa kapena ku Abidjan. Teremu yoyamba zinalidi choncho: kunali mayi wina wochokera ku Lubumbashi amene ankaphunzitsa nyimbo ndi zojambula osalankhula Chingerezi ngakhale liwu limodzi, ndipo mnyamata wanga ankabwera akuimba. Mayiyo anachoka pa Khirisimasi. Teremu yonse yachiwiri kunalibe mphunzitsi, nthawi ya Chifalansa ana ankapaka utoto zithunzi. Anabwera wina, anakhala miyezi isanu. Amene alipo panoyu ndi wachinayi, munthu wakhama, koma ali yekha sukulu yonse, ndipo kalasi iliyonse amaiona kawiri pa sabata. Aliyense akabwera amayambira pa moni ndi kuwerenga manambala. Mwana wanga waphunzira mayina a masiku a sabata kanayi, koma sangathe kupempha madzi akumwa.

Ndinapita kwa ahedi katatu. Ulendo wachitatu ndinatenga kabuku kamene anatipatsa polembetsa ana, n'kuwaonetsa pamene analemba okha. Anandilandira mwaulemu, anati aphunzitsi a Chifalansa ndi osowa ndipo chilolezo chogwirira ntchito cha mlendo chimatenga nthawi. Mwina n'zoona. Koma mawu aja sanawachotse pa chikwangwani cha pageti, ndipo makolo atsopano akuuzidwabe zomwe tinauzidwa ife. Pano Loweruka lililonse ndimapita ndi anawo ku Alliance Française, malo ophunzitsira Chifalansa, kukalipiranso kachiwiri chinthu chimene chili kale m'fizi.

Ndiye alamu, funso loti mukafunse pa sukulu iliyonse ndi ili: ndi maphunziro ati amene amaphunzitsidwa m'chinenero chachiwiricho, maola angati pa sabata, ndipo mphunzitsi wake wakhalapo zaka zingati? Chinenero chikakhala phunziro chabe la kawiri pa sabata, imeneyo ndi sukulu ya Chingerezi basi.

Chinenero chachiwiri chimene mnyamata wanga wachigwiradi ndi Chinyanja cha mu Lusaka, chimene wachitola m'basi ndi kwa ana a aneba. Amati "nifuna" m'malo mwa "ndikufuna", koma agogo ake akaimba foni amacheza nawo mpaka mayunitsi kutha. Ndinkaopa kuti chilankhulo chathu chimutayika, choncho kumumva akucheza chonchi kumandisangalatsa kuposa malipoti onse a kusukulu.

Za ndalama ndiye zimene zikundisowetsa tulo. Fizi anatiuza m'madola, ife timalandira makwacha a ku Zambia. Titangofika, dola imodzi inali cha m'ma K16, pofika kumayambiriro kwa 2025 inali itapitirira K27. Pa madola 1,000 alionse, pamene tinkapereka K16,000 tinafika popereka K27,000 ndi kanthu, sukulu isanakweze n'komwe. Ndipo yakwezanso kawiri. Pambali pali basi, chakudya, yunifomu imene saloleza kukagula ku msika wa Kamwala, ndi ndalama ya chitukuko chaka chilichonse. Abasala, kunena zoona, ndi munthu wabwino: anandilola kulipira teremu m'magawo atatu popanda chiwongoladzanja, ndipo sanabwezepo mwana wanga pageti. Koma nditapempha kuti atichotsereko pang'ono chifukwa cha teremu ija yopanda mphunzitsi, anati fizi sigawidwa ndi phunziro. Dipoziti nayo sabweza ngati sunapereke notisi ya teremu yathunthu.

Masiku ena ndikaona mtsikana wanga akufotokozera bambo ake za ma atomu, ndimati ndalamayi ikugwira ntchito. Mu Ogasiti alowa Year 10, kuyamba zaka ziwiri zokonzekera mayeso a Cambridge otchedwa IGCSE, ndipo mayesowo amalipiridwa padera phunziro lililonse. Kumusuntha pano kungamusokoneze, kumubwezera ku MSCE ndiye n'kovutirapo, choncho iyeyu akhala. Mnyamatayu ayi. Kalata ya notisi ndailemba kale, ndikaipereka Lachisanu ndikamakasiya gawo loyamba la fizi, ndipo alamu ndawauza kuti wamkulu wawo akhoza kubwera, koma wamng'onoyo tifufuzire limodzi kwina.