OpenWrt One: rauta yopanda loko, koma mabowo a waya ndi awiri okha

Nyenyezi 4 mwa 5.

Marauta ambiri a m'sitolo amayendera Linux, koma opanga amatseka kuti musaikemo pulogalamu ina. Akasiya kutulutsa ma update, chipangizo chimakalamba chikadali chamoyo. Laisensi ya Linux, yotchedwa GPL, imalamula kuti wogulitsa apereke source code (malemba omwe pulogalamu imapangidwira), ndipo ndi lamulo limeneli lomwe linachititsa Linksys kutulutsa ya rauta yake ya WRT54G mu 2003, OpenWrt, pulogalamu yaufulu yoyendetsa marauta, n'kubadwa mu 2004. OpenWrt One, yomwe inatuluka kumapeto kwa 2024 pamtengo wa $89, inapangidwa dala kuti mwini wake azisintha chilichonse. Pa iliyonse yogulidwa, $10 imapita ku bungwe la Software Freedom Conservancy kukathandiza ntchito ya OpenWrt.

M'kati muli purosesa ya MediaTek MT7981B, RAM ya 1 GB ndi Wi-Fi 6. Magetsi amalowera pa USB-C yakumbuyo, chaja ikhale ya PD (Power Delivery) yotulutsa 15V, kapena pa PoE, kutanthauza magetsi odutsa pa waya wa netiweki. USB-C yakutsogolo si ya magetsi, ndi ya console. Lumikizani kompyuta pa 115200 baud ndipo muona zonse zomwe rauta ikulemba poyaka, osamasula ngakhale sikuluwu imodzi.

Poyamba lowetsani waya wa kompyuta pa bowo la LAN, tsegulani 192.168.1.1 pa browser, lowani ndi dzina lakuti root, ikani pasiwedi nthawi yomweyo chifukwa imabwera ilibe. Mukatero pitani pa Network, kenako Wireless, sankhani dziko lanu, ikani dzina ndi pasiwedi ya Wi-Fi.

Chomwe chandikhutiritsa kwambiri ndi kaswitchi kolembedwa NAND ndi NOR, timachipu tiwiri tosungira pulogalamu. Pulogalamu ya tsiku ndi tsiku imakhala pa NAND ya 256 MB. Magetsi akathima muli pakati pa update, rauta wamba imatha kusanduka njerwa. Iyi ayi. Koperani mafayilo awiri, preloader ndi factory.ubi, pa fulashi ya FAT32, ilowetseni mu rauta, kankhirani kaswitchi ku NOR, gwirani batani lakutsogolo poyatsa. Kachipu ka NOR ka 16 MB kamalembanso NAND yonse. Ikamaliza bwezerani kaswitchi ku NAND, mukaiwala izingoyakira pa recovery.

Nyenyezi imodzi yagwera apa. Bowo la WAN, lolowera intaneti, ndi la 2.5 Gb koma la LAN ndi limodzi, la 1 Gb, ndiye muofesi mufunika kugulanso switch yochulukitsa mabowo. Polowetsa simu khadi palibe. Amene intaneti yanu ndi ya 4G, muyenera kulumikiza foni kapena modemu pa USB 2.0, mutaika kaye kmod-usb-net-rndis kapena dalaivala yogwirizana ndi modemuyo. Kuti muikeko pamafunika intaneti, choncho yambani mwalumikiza rauta ku hotspot ya foni.

Komanso tisanamizane, ufulu wake si wathunthu. Firmware yoyendetsa Wi-Fi ndi ya MediaTek ndipo source code yake ndi yotseka.