Dzimbiri Lenileni ndi Lopenta: Rat Rod Ndi Iti?

Ku America, anthu okonza okha magalimoto akale amakangana kuti rat rod (galimoto yakale yoikidwa injini yamphamvu koma yooneka yadzimbiri) yeniyeni ndi iti. Ena amati ndi monga Ford Model A ya 1930 yolumikizalumikiza m'galaja ya pakhomo: denga lodula n'kutsitsa, yopanda madigadi, injini yamphamvu ya V8 (ya masilinda asanu ndi atatu) ili pamtetete, dzimbiri la zaka zambiri osalipala. Ndalama zochepa, thukuta lambiri, ponyoza magalimoto onyezimira a anthu olemera.

Ena amagula bodi yabwinobwino, kupentapo dzimbiri labodza, kumatapo zigaza ndi maunyolo. Gulu loyamba lija limaseka, ati n'kugula nsanza m'sitolo. Ine ndili mbali yawo, kupatula akamasiya mabuleki a Model A okoka ndi zitsulo aja kumbuyo kwa injini yamphamvu chonchi.