Kugona Panyanja Posaka Swordfish ku Watamu: Amalinyero Ndi Akatswiri, Koma Si Ulendo wa Ana Aang'ono

Pa maulendo onse amene makampani a maboti owedzera nsomba zikuluzikulu amagulitsa ku Watamu, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere pa mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 100 kumpoto kwa Mombasa m'dziko la Kenya, umodzi mwa okwera mtengo kwambiri ndi wokagona panyanja posaka swordfish, nsomba yaikulu ya mlomo wautali ngati lupanga. Kampani imene ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri tinapita nayo inalemba pa intaneti kuti ulendowu ndi woyenera banja lonse. Ntchito ya amalinyero ake inalidi yolingana ndi ndalama zimene tinalipira, koma pa nkhani ya banja lonseyo kampaniyi inakometsera.

Kugona panyanjako kuli ndi chifukwa chake. Masana swordfish imakhala pansi kwambiri, nthawi zambiri kupitirira mamita 500, kumene kuli mdima ndi madzi ozizira, ndipo imatha kusaka kumeneko chifukwa ili ndi minofu yapadera imene imatenthetsa maso ndi ubongo wake ndi madigiri 10 mpaka 15 kuposa madzi oizungulira. Dzuwa likalowa, squid (nyama yofewa ya m'nyanja, ya miyendo yambiri) ndi tinsomba tina timakwera chakumwamba, ndipo iyo imatsatira chakudya chakecho mpaka kufika pamene mbedza ya msodzi ingaipeze. Malo odziwika nayo kumeneko ndi North Kenya Banks, zitunda za pansi pa nyanja zimene boti limayenda maola angapo kuti likafike, kotero kuti mtunda suonekanso ndipo foni imasiya kugwira netiweki. Kaputeni wathu anatifotokozera zonsezi tisananyamuke, ndipo mwana wathu wamwamuna wa zaka 15 atatchula swordfish ya makilogalamu 536 imene Lou Marron anagwira ku Iquique m'dziko la Chile mu 1953, iye anamuuza mosabisa kuti zimene amakumana nazo ku Kenya kawirikawiri ndi zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi imeneyo, ndiponso kuti usiku wina umatha popanda nsomba kukhudza nyambo. Kunena chilungamo kotereku ndalama zitalipidwa kale n'kosavuta, ndipo ndikanakonda kuti mawu omwewo alembedwenso pa tsamba lotsatsira malonda.

Chimene chinandigwira mtima ndi kukonza nyambo. Dzuwa litapendeka, mmodzi wa amalinyero awiri anakhala pansi kumbuyo kwa boti ndi nsomba ya tuna imene tinagwira m'njira, n'kudula kanyama ka pamimba pake kotalika ngati chikhatho ndi theka, kenaka n'kukasokerera ku mbedza ndi singano ndi ulusi wopaka phula, mfundo iliyonse akuikoka ndi mano. Anatiuza kuti swordfish siyamba ndi kumeza, koma imayamba yamenya nyambo ndi mlomo wake wautali wophwatalala uja, choncho nyambo yosokedwa mwaulesi imathothoka pa kumenya koyamba. Chakumtunda kwa nyambo anamangirira kachubu kapulasitiki kamene amakathyola kuti kayake mobiriwira. Amene anaonapo asodzi a usipa akuitana nsomba ndi nyali pa nyanja ya Malawi sangadabwe ndi nzeru imeneyi, kungoti kuno nyaliyo imamira pamodzi ndi mbedza. Atatero anatsitsa zingwe, boti n'kumayenda pang'onopang'ono usiku wonse likuzikoka.

Nsomba inamenya pakati pa usiku patadutsa. Chingwe chinayamba chagwedezeka kawiri, kenaka chokulungira chake chinalira mosalekeza, ndipo ndisanadzuke bwinobwino amalinyero anali atakulunga kale zingwe zinazo, atamukhazika mnyamata wathu pa mpando womenyera nkhondo ndi nsomba n'kumumanga lamba m'chiuno. Apa ndi pamene ndinaona ubwino wa anthu odziwa ntchito yawo. Sanamulande ndodo ngakhale pamene anadandaula kuti, "Bambo, manja achita dzanzi," koma mmodzi anaima kumbuyo akutembenuza mpando kuti uyang'ane kumene chingwe chikulowera, uku akumuuza nthawi yokoka ndi nthawi yolekerera, pakuti kamwa ya swordfish ndi yofewa ndipo wokoka mwaukali amang'amba n'kutsala ndi mbedza yokha. Patapita nthawi yoposa ola, nsombayo inaonekera m'kuwala kwa nyali za boti, thupi lake lofiirira ngati mkuwa, diso lake lalikulu modabwitsa. Kaputeni anaiyerekeza kuti inali ya makilogalamu pafupifupi 40. Anaibaya kachizindikiro kokhala ndi nambala pamsana, mogwirizana ndi ntchito ya bungwe la African Billfish Foundation lomwe limatsata mayendedwe a nsomba za mtunduwu, n'kuimasula. Mayi a kunyumba sanakondwe kuona ndiwo yotere ikubwerera m'madzi, koma sitinataye zambiri, chifukwa nyama ya swordfish imakhala ndi poizoni wambiri wotchedwa mercury ndipo a zaumoyo amalangiza kuti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono asamaidye.

Mbali ya mwana wathu wamkazi wa zaka 9 inali ina. Boti loyenda pang'onopang'ono limayendera mafunde onse, limapendekera uku ndi uku mosalekeza, ndipo mumdima mulibe poyang'ana kuti maso akhazikike. Mapiritsi oletsa nseru amene anamwa tisananyamuke anathandiza masana okha. M'kachipinda ka pansi munali timabedi tiwiri topapatiza, motentha ndiponso monunkha dizilo, moti aliyense wolowamo ankatuluka msanga, ndipo mwanayo anagona pa matiresi panja, atafunda chitenje cha mayi ake chonyowa ndi madzi amchere. Kubwerera kumtunda chifukwa cha mwana wosanza n'kosatheka popanda kuthetsa ulendo wonse, ndipo palibe amene anatichenjeza za zimenezi pamene tinkatchula zaka za ana polembetsa.

Chodandaulitsa kwambiri chinali cha majekete oyandamitsa munthu m'madzi. Analipo okwanira, koma onse anali a akuluakulu, ndipo limene anamuveka mwanayo linkamufika m'makutu akakhala pansi. Kaputeni anationetsa wailesi yolumikizirana ndi kumtunda komanso kabwato kopopa kothawiramo pangozi titachita kufunsa. Kampani imene ikuitana mabanja kuti akagone kutali chotero ndi mtunda siyenera kudikira kufunsidwa pa zinthu zoterezi. Chakudya chinali chokwanira, mpunga ndi nsomba yokazinga madzulo, tiyi ndi mandasi m'mawa, ndipo chimbudzi chinali chaukhondo ngakhale kuti kuchigwiritsa ntchito boti likugwedezeka kumafuna luso lake.

Mtengo amatchula m'madola, ndipo ndi wa boti lonse, osati wa munthu mmodzimmodzi. Umaphatikiza mafuta, zipangizo zowedzera, nyambo ndi chakudya, koma kangachepe ka amalinyero n'kapadera, ndipo anthu amene achezera usiku wonse osaphethira akuyang'anira zingwe ndi ana a eni ake ndi oyenera kuwaganizira mokwanira. Nyengo nayo ndi yofunika kuisankha bwino. Kuyambira cha mu April mphepo ya kusi yochokera kum'mwera chakum'mawa imawinditsa nyanja kwa miyezi ingapo, pamene mphepo ya kaskazi imaomba kuyambira cha mu December mpaka March, ndipo nyanja imakonda kudekha m'masabata a pakati pa mphepo ziwirizi.

Banja la ana osinkhuka amene anayendapo kale pa boti tsiku lathunthu osadwala lingapite ndi kampani yotereyi mosakayika. Amene ali ndi ana osakwana zaka 12 ayambe ndi ulendo wa theka la tsiku pafupi ndi gombe, kumene kumapezeka nsomba za tuna, wahoo ndi sailfish, ndipo asanapereke dipoziti ya ulendo wausiku afunse kuti kampani iwalembere ngati ili ndi majekete a msinkhu wa ana awo komanso chimene chimachitika ndi ndalama zawo kaputeni akaimitsa ulendo chifukwa cha mphepo.