Msampha wa ntchentche za mango uja wa methyl eugenol, ukugwira ndithu koma zamphongo zokha

Abale anga a ku Bwanje ndi Sharpevale amene mango anu amaola ndi mphutsi chaka ndi chaka, msampha uja akugulitsa m'mashopu a zaulimi pa boma pa Ntcheu, wa kabotolo ka pulasitiki kokhala ndi kathabwa konyikidwa mu methyl eugenol (mankhwala a fungo lokopa ntchentche) mkati, ine ndaugwiritsa ntchito sizoni yathayi ndipo ndikuti gulani. Koma mugule mukudziwa ntchito yake, chifukwa wogulitsa anangondiuza kuti umapha ntchentche zonse, zimene sizoona ayi.

Umakola zamphongo za mtundu wa Bactrocera dorsalis, ntchentche yaku Asia yomwe inaoneka koyamba mu Africa muno ku Kenya mu 2003 nkufalikira konsekonse. Yamphongo ikakhwima imasakasaka fungo limeneli, kutchire imalipeza m'maluwa ena, ikanyambita thupi lake limalisandutsa kukhala fungo lokopera yaikazi, imalisunga mkathumba kakumatako nkumalitulutsa madzulo dzuwa likamalowa, nthawi yomwe zimakwerana. Yomwe yanyambita imapeza yaikazi msanga kuposa inzake, ndiye imabwera yokha kuchokera kutali, kulowa pakabowo, poizoni wa pakathabwa paja nkuimaliza. Nditatsegula botolo lomwe ndinakoleka mu boloma wa kuseri kwa khola zinali mbwee pansi, mapiko oonekera, timizere tachikasu pamsana ndi kachizindikiro kakuda ngati T pamimba. Apa pokha ndilibe nawo chifukwa.

Nkhani ili pa yaikazi, yomwe ndi imene imaboola bango nkuikira mazira pansi pa khungu. Iyo fungoli ilibe nalo ntchito, ikufuna chakudya cha mapuloteni basi, chifukwa mazira ake amakhwima ikadya bwino komanso homoni yotchedwa juvenile hormone ikakwera, imeneyi imachokera mtizigawo ting'onoting'ono kuseri kwa ubongo wake. Asayansi zambiri anaziphunzira pa tintchentche tamaso ofiira tija timazungulira nthochi zakupsa pamsika wa Tsangano, Drosophila melanogaster. Yamphongo yake imanjenjemeretsa phiko limodzi kuyimbira yaikazi, ndipo mu umuna wake muli mankhwala otchedwa sex peptide, omwe amachititsa yaikazi kuyamba kukana zamphongo zina nkumaikira mazira ambiri kwa masiku ndithu. Zimandigometsa ine zimenezi, kachirombo kochepa chonchi. Za mangozi ndi mtundu wina, komabe nazonso yaikazi ikakweredwa imasunga umuna mthupi nkumaboolabe zipatso masabata angapo ngakhale zamphongo zitathera mu botolo.

Nchifukwa chake ndikuti kolekani msanga, mitengo ikangomanga tizipatso, osadikira December mango atayamba kupsa, pamenepo zazikazi zakweredwa kale. Ndipo mugwirizane ndi aneba mudzi onse, chifukwa inu nokha mukakoleka zamphongo za kwa anzanu zizikumanabe ndi zazikazi za m'mitengo mwanu.

Zomwe sizinandisangalatse, fungo limachepa mphamvu ndi dzuwa la October lija ngati botolo lili pamtetete, mulibise mkati mwa masamba pamthunzi, pamwamba poti ana sangafikire chifukwa muli poizoni umo. Komanso ntchentche ina yakonkuno ya mango, Ceratitis cosyra, silowamo, ngakhalenso ya maungu ndi nkhaka ija imafuna nyambo yakeyake yotchedwa cue-lure. Lebulo sinena bwinobwino zimenezi, ndipo ndi Chingerezi chokhachokha, amayi anga akanapita okha kukagula sakanamvapo kanthu.

Ineyo mphutsi zinachepa ndithu m'mango anga a mtundu wa Tommy Atkins ndi Kent, koma ndimatolanso mango onse akugwa nkumanga mjumbo yakuda yosabooka nkuisiya padzuwa, poti mphutsi zija zikatuluka mu bango zimalowa m'dothi nkudzatuluka zili ntchentche. Mukamagula mufunsiretu ngati amagulitsa timathabwa tapadera tosinthira, ena amafuna mugulenso botolo lonse.